Damu la nsomba likakana manyowa, yang'anani asidi

Alimi ambiri a nsomba amanyadira madzi oyera mbee m'damu. Koma ngati mlimi wakhala akuthira zitosi za nkhuku ndi ndowe kwa milungu ingapo madzi osabiriwira, mpaka pansi pa damu kumaoneka, alangizi a za nsomba amayamba kukayikira asidi.

Asidi wa m'madzi amayezedwa pa muyeso wa pH, womwe umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Nambala ikatsika pansi pa 7 ndiye kuti asidi akuchuluka. Makumba, chilunguni ndi chambo zimakula bwino pH ikakhala pakati pa 6.5 ndi 9, ndipo ikafika cha pa 4 nsomba zambiri zimafa. Koma nthawi zambiri asidi sapha msanga, amayamba wamana nsomba chakudya. Mchere wa fosifolasi wochokera m'manyowa umagwidwa ndi matope apansi, ndere ndi tizilombo tating'onoting'ono tomwe nsomba zimadya sizimera, ndipo mlimi amangowonjezera madeya nsomba zili zokwinimbira.

Vutoli limachokera m'nthaka. Kumene mvula imagwa yambiri, monga ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, madzi amatsuka mchere wa m'dothi n'kulisiya lili ndi asidi. Tiyi amakonda nthaka yotero, nsomba ayi. Masamba a paini ndi bulugamu owolera m'damu nawonso amawonjezera vutoli.

Mankhwala oyamba ali kukhitchini. Phulusa lomwe amayi amachezera chidulo chophikira therere lili ndi mphamvu yochepetsa asidi, komanso limabweretsa potaziyamu m'madzi. Asayansi a bungwe la ICLARM, lomwe pano ndi WorldFish, pogwira ntchito ndi nthambi ya za nsomba ku Domasi m'boma la Zomba, anafufuzapo za phulusa pamodzi ndi madeya ndi udzu wa senjere, pofuna zipangizo zomwe mlimi wakumudzi angapeze osagula. Phulusa likhale la nkhuni kapena mapesi, osati la dzala momwe mwapsera mapulasitiki ndi mabatire. Mphamvu yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi laimu, choncho limafuna kuthira pang'onopang'ono koma mobwerezabwereza.

Laimu wa ulimi ndi mwala wogayidwa basi, wonga womwe umakumbidwa m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka. Nthawi yabwino yomuthira ndi atangokolola, damu litaphwetsedwa: amamuwaza pamatope onse ndi m'mbali, kenako n'kulowetsa madzi. Mlingo wodziwika ndi makilogalamu 1,000 mpaka 2,000 pa hekitala, kutanthauza makilogalamu 20 mpaka 40 pa damu la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Zigoba za nkhono ndi za mazira zosinja bwino zimagwira ntchito yomweyo, kungoti zimachedwa kusungunuka.

Laimu wootcha, uja wopaka nyumba, ndi nkhani ina. Amakweza pH mwadzidzidzi ndipo akhoza kupha nsomba zonse tsiku limodzi, n'chifukwa chake sathiridwa m'damu momwe muli nsomba.

Ambiri amalakwitsanso nthawi yoyeza. Masana ndere zimayamwa mpweya womwe umapanga asidi, pH n'kukwera, koma usiku imatsika. Woyeza masana okha akhoza kupusitsika, choncho timapepala toyezera pH tiviikidwe m'bandakucha, n'kubwerezanso madzulo. Ndipo fetereza wa fosifolasi asathiridwe limodzi ndi laimu, padutse sabata imodzi kapena ziwiri.