Mpingo wa Cikristu m'Mizinda ya Migodi

Kumudzi mpingo unalimbana ndi adani odziwika, monga ufiti ndi kuombeza ula. M'mizinda ya migodi mdani wace ali wa mtundu wina. Iye sakana Mulungu poyera, koma azoloweretsa munthu kukhala monga ngati Mulungu kulibe.

Pamene migodi ya Roan Antelope, Nkana ndi Mufulira inayamba kutulutsa mkuwa, kuyambira 1931 kufikira 1933, amuna ambirimbiri anasiya midzi yao napeza zinthu zitatu zacilendo. Coyamba ndico nthawi. Mgodi sugona, ndipo munthu wogwira nchito usiku atuluka ali wotopa pamene belu la calici lilira. Caciwiri ndico zokondweretsa: nyumba za mowa, mpira, kanema ndi dansi, zonsezi zilimbirana tsiku limodzi lomwelo la kupuma. Cacitatu ndico ndalama. Kumudzi ulemu ucokera ku msinkhu ndi makhalidwe, koma m'komboni munthu ayesedwa ndi malipiro ace, ndipo akulu omwe akadamlangiza anatsala kutali.

Oyamba kuyankha bvuto limeneli sanali amishoni ai, koma anchito eni ace. M'caka ca 1925, migodi yaikulu isanatseguke, Akristu a mitundu ndi mipingo yosiyana, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland, anakhazikitsa Union Church ku Ndola, nasankha akulu ao, nasonkha ndalama zao. Amishoni anagwirizana pambuyo pace, m'caka ca 1936, m'bungwe la United Missions in the Copperbelt. M'caka ca 1958 kunatsegulidwa Mindolo Ecumenical Foundation ku Kitwe, kuphunzitsa amuna, akazi ndi anyamata za nchito ndi za banja. Pomwepo pa Mindolo, pa 16 January 1965, panabadwa United Church of Zambia.

Pa 29 December 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mau amenewa analowa m'malamulo akulu a dziko m'caka ca 1996. Koma lamulo silisintha mtima. Pogulitsidwa migodi ya boma m'zaka za 1997 kufikira 2000, ambiri anacotsedwa nchito, ndipo alaliki olonjeza cuma camsanga anapeza omvera ocuruka. Lero mayesero ali m'thumba mweni mweni, pakuti foni ibweretsa juga ya mpira ndi maphunzitso a mitundu mitundu kwa mnyamata ali gone pa mphasa, popanda mkulu wa mpingo kudziwa.

Cifukwa cace funso lalikulu siliri lakuti macalici adzala pa Lamulungu kapena iai, pakuti ambiri adzaladi. Funso ndilo lakuti cikhulupiriro citsata munthu kufikira pansi pa mgodi, pamsika ndi pa tsiku lolandira malipiro. Akristu a ku Ndola aja sanadikire mbusa wocokera kutali; anasonkhana m'komboni momwe anali, ndipo mlendo wofika kumene anapeza abale omlandira, omlangiza ndi omuika m'manda mwaulemu. Nchito yomweyo ikali kudikira mipingo ya m'mizinda.