Kompyuta Ikajama Mutakweza Windows, Musathamangire Kufufuta Zonse

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. N'chifukwa chake anthu ambiri asamukira ku Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021. Nafenso m'chipinda chathu cha makompyuta tinasamuka, ndipo pasanapite nthawi madandaulo anayamba kubwera. Wophunzira ali pakati polemba, mwadzidzidzi mausi yaleka kuyenda, kiyibodi siikuyankha, chithunzi changoti njo pa sikirini. Makolo enanso atiuza kuti malaputopu awo akuchita zomwezo kunyumba.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene anthu amachita akapsa mtima. Ena amazula chingwe pakhoma, ena amathamangira kwa okonza kuti afufute zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Pamenepo ntchito ya wophunzira wa Fomu 4 wokonzekera MSCE, kapena malikisi amene mphunzitsi wasonkhanitsa teremu yonse, zimapita. Nthawi zambiri vutoli limakhala ndi gwero limodzi, ndipo limapezeka munthu akafufuza mwadongosolo.

Yambani ndi kuona ngati yajamadi

M'masiku oyamba Windows yatsopano imakhala yotanganidwa mobisa: imawerenga mafayilo onse kuti azipezeka msanga, komanso imakoka zokonza zina pa intaneti. Kompyuta yakale imatha kuoneka ngati yafa pamene ikungolemedwa. Dikirani mphindi zingapo, kenako dinani Caps Lock. Kagetsi kake kakayaka n'kuzima, ndiye kuti kompyuta ikumvabe.

Zikatero, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager. Muona mndandanda wa mapulogalamu ndi gawo la mphamvu limene iliyonse ikudya. Ngati pulogalamu imodzi ndiyo yakanirira, isankheni n'kudina End task. Onaninso mizere ya Memory ndi Disk, ndipo lembani ngati ikufika pafupi ndi 100 peresenti, chifukwa tibwereranso pa mfundo imeneyi.

Ngati chithunzi chokha ndicho chauma kapena sikirini yada, dinani batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Kompyuta imalira pang'ono, sikirini imaphethira, ndipo mbali yoyendetsa zithunzi imayambanso osataya ntchito yanu.

Zonsezi zikakanika, gwirani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka izime. Iyi ikhale njira yomaliza, ndipo musaichite pamene sikirini ikunena kuti Windows ikuika zokonza. Ikangoyakanso, choyamba kuchita n'kukopera mafayilo ofunika pa fulashi.

Wolakwa kawirikawiri ndi driver

Chipangizo chilichonse cha m'kompyuta, kaya cha zithunzi, cha mawu, cha Wi-Fi kapena pulinta, chili ndi kapulogalamu kake kotchedwa driver. Ntchito yake ili ngati ya womasulira pakati pa chipangizocho ndi Windows. Windows ikasintha koma womasulirayo n'kukhala wakale, awiriwa samvana, ndipo kompyuta imaima kudikira yankho losabwera.

Kuti mudziwe ngati vuto lili pamenepa, yatsani kompyuta mu Safe Mode. Gwirani Shift uku mukudina Restart, sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, Startup Settings ndi Restart, ndipo ikayaka dinani 4. Mu Safe Mode, Windows imayenda ndi zinthu zochepa zofunikira zokha. Ngati mmenemo siikujama, mwapeza njira: vuto ndi driver kapena pulogalamu ina imene imayamba yokha kompyuta ikayaka.

Tsegulani Device Manager n'kuyang'ana chipangizo chimene chili ndi kachizindikiro kachikasu. Driver yatsopano muitenge kwa amene anapanga kompyutayo, monga HP, Dell kapena Lenovo, polemba nambala ya mtundu wake yomwe imakhala kunsi kapena kumbuyo. Pewani mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi, chifukwa ena amabwera ndi mavairasi. Ngati vuto linayamba driver itangosinthidwa, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa yakale.

Chotsaninso pulinta, fulashi ndi zina zonse zolumikizidwa, kenako muzibwezeretse chimodzichimodzi mpaka muone chimene chikuyambitsa vuto. Pulogalamu yakale yolimbana ndi mavairasi nayonso imasokoneza kwambiri. Windows 11 ili ndi chitetezo chakechake, choncho mukhoza kuchotsa yakaleyo kuti muone ngati zisinthe. Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasintha zitatu pamodzi simudziwa chimene chathandiza.

Mwina katundu waposa mphamvu

Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira a 64 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Koma 4 GB ndi poyambira chabe. Mukatsegula Word ndi masamba angapo a intaneti, malo amatha. Ngati mu Task Manager mzere wa Memory umakhala wodzaza, kuwonjezera RAM kufika 8 GB kumathandiza. Ngati wodzaza ndi wa Disk, ndipo kompyutayo ili ndi hard disk yakale yozungulira, kuika SSD kumasintha zinthu kwambiri pa mtengo wotsika poyerekeza ndi kugula kompyuta ina.

Pali okonza ena amene amaika Windows 11 mokakamiza pa kompyuta yosakwanira zofunikazi. Imayaka ndithu, koma Microsoft siilonjeza kuti kompyuta yotere izilandira zokonza, ndipo mwina wopanga sanatulutse n'komwe ma driver ake atsopano. Musaiwalenso fumbi. Pokweza Windows kompyuta imagwira ntchito yaikulu kwa maola, ndipo ngati mabowo otulutsira mpweya atsekeka imatentha n'kuyamba kujama, makamaka nyengo yotentha.

Magetsi akathima kukweza kuli m'kati, mafayilo ena a Windows amawonongeka. Tsegulani Command Prompt ndi chilolezo cha administrator, lembani sfc /scannow, ndipo muisiye imalize. Imafufuza mafayilo owonongekawo n'kuwakonza.

Muli ndi masiku 10 okha

Mukakweza, Windows imasunga yakale ija mu foda yotchedwa Windows.old kwa masiku 10. M'masiku amenewa mukhoza kupita ku Settings, System, Recovery n'kudina Go back, ndipo kompyuta imabwerera mmene inalili, mafayilo anu ali momwemo. Masikuwa akatha, kapena mukafufuta fodayo pofuna malo, khomo limatsekeka. Choncho musapirire vuto kwa milungu iwiri poganiza kuti litha lokha. Dziwaninso kuti kubwerera ku Windows 10 n'kongopumirako pamene mukukonza driver kapena kuwonjezera RAM, popeza chitetezo chake sichikusamalidwanso monga kale.

Pempho lathu

Ophunzira, kompyuta ya pasukulu ikajama musaizimitse nokha ndipo musasinthe kanthu. Lembani nambala yake, nthawi, ndi pulogalamu imene munatsegula, kenako itanani aphunzitsi. Timapepala timeneti ndi timene timatisonyeza ngati vuto likubwera pa pulogalamu imodzi kapena pa makina amodzi. Zolowerani kudina Ctrl ndi S pafupipafupi mukamalemba.

Makolo amene simunakweze, koperani kaye mafayilo anu pa fulashi, onani ndi pulogalamu ya PC Health Check ngati kompyuta yanu ikukwanira, ndipo yambani ntchitoyo batire litadzaza, chaja ili pakhoma. Ngati yayamba kale kuvuta, bwerani mudzatifunse masiku 10 aja asanathe.