Tembenuzani nsomba musanagule

Kodi msodzi wa kwa Malemia ku Nsanje angadziwe bwanji kuti mlamba womwe wakola lero mu Shire ndi womwe uja unamupulumuka dzana? Yankho lake lingatetezenso banja lanu.

Uyang'anitsitseni mlamba. Uli ndi ndevu 8, zinayi kumanja, zinayi kumanzere. Maso ndi zipsepse za m'mbali nazonso n'ziwiriziwiri, zofanana. Choncho chomwe chili mbali imodzi yokha, monga ndevu yoduka kapena chipsera cha mbedza, chimaisiyanitsa nsombayo ndi zinzake.

Akatswiri amaika dala zizindikiro zotere. Amadula kansonga ka chipsepse n'kuibweza nsombayo m'madzi. Akadzavuulanso ukonde amawerenga zomwe zagwidwa kachiwiri: zikachepa, ndiye kuti m'madzimo nsomba zilimo zambiri.

Inunso pamsika yerekezani mbali ziwirizi. Chipsera chopola si vuto. Koma madontho ofiira kapena chilonda chonyeka zitha kukhala matenda a nsomba otchedwa EUS, omwe anapezeka ku Mchinji mu 2020 ndipo amagwira milamba ndi nsomba zina za m'mitsinje ndi m'madambo. Matendawa sagwira anthu, koma m'zilondazo mumalowa tizilombo tina tomwe tingakudwalitseni, makamaka ana.

Nsomba yotere musagule, musayanike, musaitayenso m'madzi. Ikwirireni, musambe m'manja ndi sopo, kenako mudziwitse alangizi a zansomba. Inu odzipereka pa zaumoyo, akumbutseni makolo kuti wogulitsa amaonetsa mbali yokongola. Inayo tembenuzani nokha.