Cifukwa Cace Timu Isintha Anthu

Anzanga, ife kuno ku Mwanza timamvera mpira pa wailesi, ndipo ambiri mwandifunsa cimene cinasintha Bullets. Tamverani. M'caka ca 2023 timuyi inatenga zikho zinai, mphunzitsi wace ali Kalisto Pasuwa. Koma mu 2024 ligi inapita kwa Silver Strikers. Mpira ukatha, m'nyengo ya dzinja, mapangano a osewera ena amathanso. Ofoka amacotsedwa, ndipo akatswiri amagulidwa ndi matimu a ndalama, monga Gabadinho Mhango anacoka ku Bullets napita ku Bloemfontein Celtic mu 2013. Aphunzitsi nawonso amasamuka. Peter Mponda, amene anapambanitsa Silver, ndiye anatengedwa ndi Bullets mu 2025. Ine pokhala wa Silver, tsiku limenelo nsima sinalowe.