Musanagule Shampu wa Mfundu, Werengani Botolo

Mayi, mukavula duku pochokera ku Misa n'kupeza mfundu yayoyokera pabulauzi, musathamangire botolo lililonse pamsika wa Zalewa. Mfundu si uve ayi. Imayamba chifukwa cha mafuta a pakhungu ndi tizilombo ta mtundu wa yisiti timene timakhala m'mutu mwa munthu aliyense. N'chifukwa chake kuthira mafuta ambiri sikuthandiza, ndipo sopo wochapira zovala amangoumitsa khungu, kuyabwa n'kuwonjezeka.

Yang'anani zolembedwa pabotolo. Shampu wokhala ndi ketoconazole kapena selenium sulphide ndiye amachepetsa mfundu. Pakani pakhungu penipeni, dikirani mphindi 5, kenako tsukuluzani. Chitani zimenezi kawiri pa sabata kwa milungu 4. Fungo lokoma silichiza kanthu.

Koma tsitsi lothothoka shampu sameretsa, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Ngati likutha m'mbali mwa chipumi, kayikirani maluko okoka kwambiri aja, ogonetsa munthu ndi mutu ukuwawa, komanso mankhwala owongolera tsitsi. Mukamasula msanga limameranso. Mukapirira nawo zaka zambiri mizu imafa, ndipo dazi lake silitha.

Kwa mayi amene wangobereka, tsitsi limathothoka pakapita miyezi pafupifupi 3, kenako limabwerera lokha. Likamathothoka mutu wonse, inu mukumva kufooka ndi chizungulire, pitani ku chipatala cha Neno kapena cha Lisungwi mukayezetse magazi. Mwana amene ali ndi zigamba zozungulira m'mutu mupite naye: chimenecho n'chipere, ndipo chimafuna mankhwala akumwa.