Kaufiti ndi Mboni ya Nthaka Yotopa

Mwezi wa February ukafika, munthu woyenda m'minda ya ku Lilongwe, Kasungu kapena Mzimba amaona timaluŵa tofiira m'munsi mwa chimanga chopinimbira. Ameneyo ndiye kaufiti, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica. Dzina lakelo n'losadabwitsa, pakuti chimanga chimafota ngati chalodzedwa ngakhale mvula ikugwa bwino.

Njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osafa. Zimadzuka pokhapokha zikamva timadzi totuluka m'mizu ya chimanga, mapira kapena maŵere. Zikamera zimaboola muzu wa mbeuyo ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Pamene mlimi akuona duŵa, chimanga chimakhala chitapwetekeka kale pansi. N'chifukwa chake khasu lokha silingathetse vutoli.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti kaufiti amachuluka m'munda wolimidwa chimanga chaka ndi chaka popanda kubwezeramo chonde. Chimanga chanjala chimatulutsa timadzi tija kwambiri, motero chimadziitanira chokha mdani wake. Mlimi wothira manyowa a m'khola kapena a kompositi, pamodzi ndi feteleza amene angakwanitse, amakhala akupalira munda wake asanagwire khasu.

Kasinthasintha wa mbeu amathandizanso. Mtedza, soya, khobwe ndi thonje zimadzutsa njere za kaufiti koma sizimuyamwitsa, ndipo iye amafa asanatuluke. Nandolo wobzala pakati pa chimanga amayoyola masamba amene amasanduka manyowa. Mtengo wa msangu umathothoka masamba nthaŵi ya dzinja, kotero sutchinga chimanga dzuŵa. Pa malo ofufuzira zaulimi a Makoka ku Zomba, akatswiri anayesa kulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia, ndipo zokolola zinaposa kutali za munda wopanda mitengo ndi feteleza.

Udzu wina, monga chisoso, sudikira muzu wa chimanga. Umafuna dzuŵa kuti umere. Apa ndi pamene kuphimbira kumagwira ntchito. Mapesi, masangwi a mtedza ndi udzu wouma wopanda njere zikayalidwa mochindikala, njere za tchire zimasoŵa kuŵala, chinyezi chimakhalitsa, ndipo madontho a mvula sakokolola dothi. Pang'onopang'ono chiswe ndi nyongolotsi zimasandutsa zinyalalazo chonde.

Komabe tisanamizane: kuphimbira kuli ndi zovuta zake. Mapesi a munda umodzi kaŵirikaŵiri sakwana kuuphimba wonse, ndipo kuyala kopyapyala sikuletsa udzu. Kapinga ndi dawe zimatuluka ndithu chifukwa zimaphukira ku mizu. Mapesi ouma okhaokha amayamba abwereka chakudya cha m'nthaka kuti aole, ndipo chimanga chimatha kuoneka chachikasu zaka zoyamba ngati mlimi saonjezera manyowa. Ziŵeto zotayirira ndi moto wa osaka mbeŵa zimatha kuononga ntchito yonse tsiku limodzi. Zimenezi n'zofuna mfumu ndi mudzi wonse kugwirizana, osati mlimi mmodzi.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Masabata 6 oyamba ndiwo amene udzu umalanda chimanga kwambiri, choncho ngakhale m'munda wophimbira uyenera kuzulidwa msanga. Kaufiti azulidwe asanabale njere, atulutsidwe m'munda ndi kutenthedwa.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mwapatsidwa kachigawo ka munda, yambani ndi mizere yochepa imene mungaiphimbe mokwanira. Inu aphunzitsi, gaŵani munda wa sukulu paŵiri, kwina mophimbira ndi kuthira manyowa, kwina monga mwa masiku onse. Ana aŵerenge okha mapesi a kaufiti mbali zonse ziŵiri kwa zaka zitatu, alembe m'kope, ndi kukauza makolo ao zimene apeza.