Galimoto ya Fumbi Imene Inagulidwa Mayuro 16 Miliyoni

M'chaka cha 2014, akatswiri a kampani yogulitsa katundu pa okushoni yotchedwa Artcurial anaitanidwa kunyumba ina yaikulu pafupi ndi mzinda wa Niort, kumadzulo kwa dziko la France. Kuseri kwa nyumbayo, m'zisakasa zofolera ndi malata, anapeza magalimoto akale pafupifupi 60 atangoima, ena atamera ziyangoyango, ena atadyeka ndi dzimbiri.

Magalimotowa anawasonkhanitsa ndi Roger Baillon, yemwe anali ndi kampani ya malole. Cholinga chake chinali chotsegula nyumba yoonetseramo magalimoto akale, koma m'zaka za m'ma 1970 malonda ake analowa pansi. Ambiri anawagulitsa, otsalawo anangokhala pomwepo kufikira mwana wake Jacques atamwalira mu 2013, ndipo adzukulu ndiwo anaitana ogulitsa aja.

M'garaja ina, pansi pa milu ya magazini akale, munali Ferrari 250 GT California Spider ya mu 1961. Iyi ndi galimoto ya anthu awiri, ya injini ya masilinda 12, ndipo denga lake ndi lachinsalu lomwe limapindidwa kumbuyo kuti okwera apitidwe mphepo. Inakhalapo m'manja mwa katswiri wa mafilimu Alain Delon isanafike kubanja la Baillon mu 1971. Mu February 2015 inagulitsidwa mumzinda wa Paris pa mtengo woposa mayuro 16 miliyoni, isanakonzedwenso.

Mwina owerenga mukufunsa kuti, kodi munthu wanzeru zake angataye chuma chotere pa galimoto yosuluka, pamene zonyezimira zilipo? Yankho lake ndi lakuti galimoto ingathe kukonzedwanso kangapo konse, koma mmene inatulukira kufakitale zimachitika kamodzi kokha. Penti woyamba akangopalidwa, palibe ndalama imene ingamubweze.

Matupi a Ferrari zimenezi ankasulidwa pamanja ndi amisiri a kwa Scaglietti mumzinda wa Modena ku Italy. Pa chifukwa ichi, panalibe ziwiri zofanana ndendende. Galimoto yosakhudzidwa imasunga ntchito ya manja a anthu amenewo: mmene anaotcherera zitsulo, mmene anasokera chikopa, ngakhalenso pamene analakwitsa pang'ono. Wokonza wa lero, ngakhale akhale waluso chotani, amafafaniza zonsezi n'kuikapo ntchito yake.

Palinso nkhani ya chilungamo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti watsopano amabisa zambiri: mabowo a dzimbiri omata ndi phala, zigamba za ngozi yakale, kapena zitsulo zochotsa pa galimoto ina. Koma galimoto yosapentedwanso ilibe pobisa. Wogula amaona yekha chipsera chilichonse, amayerekeza nambala ya injini ndi zolembedwa za kufakitale, ndipo amadziwa chimene akugula.

Pa magalimoto a denga lachinsalu nkhaniyi imakula kwambiri, chifukwa ndiwo amafulumira kuonongeka. Dzuwa limang'amba chikopa cha mipando, chinsalu chimafumbwa, ndipo mvula ikalowa madzi amadikha pansi n'kuyambitsa dzimbiri. Popeza galimoto yotere ilibe denga lachitsulo loilimbitsa, mphamvu yake yonse ili pansipo, ndiye pakaola ndiye kuti yatha. Choncho kupeza ina imene yadutsa zaka 50 ili ndi zake zonse zoyambirira n'chinthu chapatalipatali.

Kale anthu okonda magalimoto akale sankaganiza chomwechi. Pa chionetsero chotchuka cha Pebble Beach ku California, chomwe chinayamba mu 1950, mphoto yaikulu inkapita kwa magalimoto okonzedwanso mpaka kuwala kuposa mmene analili ali atsopano. Zinthu zinatembenuka mu 2024, pamene kwa nthawi yoyamba mphotoyo inapita kwa galimoto yosungidwa mmene inalili: Bugatti Type 59 ya mu 1934, yopanda denga, imene inakhalapo ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Inapambana ili ndi mikwingwirima yake ndi chikopa chake chothetheka.

Komabe tisasokoneze kusunga ndi kulekerera. Magalimoto ambiri a Baillon amene anali m'zisakasa zija anaola ndithu, ndipo Ferrari ija inapulumuka chifukwa inali m'nyumba youma. Kusunga ndi ntchito: kutchinga chinyontho, kupukuta mosamala, kudzoza chikopa kuti chisaume, ndi kuletsa dzimbiri lisanafalikire. Ndipo galimoto imene ikalowe pamsewu iyenera kuikidwa matayala abwino, mabuleki ogwira ndi mafuta atsopano, pakuti moyo wa munthu suyerekezeka ndi mtengo wa chitsulo chakale.

Ambiri a ife sitidzagwirapo chiwongolero cha Ferrari. Koma tsiku lina mukadzapatsidwa chinthu chakale cha makolo, kaya ndi galimoto, njinga kapena bokosi lamatabwa, musathamangire kuchipala ndi kuchipenta. Yambani mwachipukuta, muchione bwinobwino, mufunse akulu mbiri ya chipsera chilichonse. Penti mudzamupeza m'sitolo ngakhale chaka chamawa, koma chimene mwapala lero chapita.